Koyilo yaikulu inandibisira ndalama ya agogo

Achimwene ena a ku Mufakose, kuno ku Harare, andilembera imelo. Akuti asunga kandalama, ndiye akufunsa ngati agule koyilo ya mainchesi 15 kapena akhale ndi ya 11 imene inabwera ndi makina awo ofufuzira zitsulo zokwiririka pansi. Koyilo ndi mbale ya kumapeto kwa ndodo ya makinawo, imene imamva chitsulo chili m'dothi. Achimwene, funso lanulo landibwezera kuseri kwa nyumba ya agogo anga.

Agogo anachokera ku Dedza, kudzera ku Tete, mzinda uno ukadali Salisbury, ndipo anakhala kulokeshoni ya Highfield mpaka tsiku lawo lomaliza. Nditangogula makina anga otchedwa Equinox 800, malo oyamba amene mtima unafuna anali pansi pa mtengo wa mapeyala pamene ankakhala madzulo. Ndinamangirira koyilo yaikulu ya mainchesi 15x12, poganiza kuti zakale zonse zili pansi kwambiri. Makina analira ngati achule m'dambo mvula itagwa. Misomali, zitsekerero za mabotolo, tizidutswa ta malata, waya, zonsezi zinkalowa pansi pa mbale yaikuluyo nthawi imodzi, makina osatha kusiyanitsa. Ndinabwerako mkono ukuwawa, m'thumba mulibe kanthu.

Patapita milungu ndinabwereranso ndi kakoyilo ka mainchesi 6. Pamalo pomwepo, pakati pa misomali iwiri, panamveka kulira kumodzi koyera. Kuya kwake sikunapose chikhatho. Inali peni ya Rhodesia and Nyasaland, yoboola pakati, ya njovu ziwiri, zija anapanga kuyambira 1955 mpaka 1963. Peni imodzimodziyo inkagula ku Limbe, inkagulanso kuno. Amayi anaigwira nthawi yaitali osayankhula.

Ndiye ndikamva wogulitsa akuuza munthu watsopano kuti koyilo yaikulu ndiyo chilichonse, zimandiwawa kwambiri. Inde, imafika pansi, koma pa zinthu zikuluzikulu komanso pamalo oyera. Dothi lofiira limene lili mbali zambiri za Harare lili ndi chitsulo chochuluka. Koyilo ikakula imawerenga dothi lambiri, phokoso limachuluka, mumakakamizika kutsitsa sensitivity (mphamvu yomvera ya makina), ndipo kuya kuja munalipirira kwapita. Kumalokeshoni onjezanipo mawaya a magetsi, amene koyilo yaikulu imawamva kuposa yaing'ono. Makorokoza, anthu okumba golide paokha a ku Mazowe ndi Shamva, amadziwa zimenezi: kagolide kofanana ndi njere ya mapira kamamveka bwino ndi koyilo yaing'ono, n'chifukwa chake makina ofufuzira golide otchedwa Gold Monster 1000 ali ndi ya mainchesi 5. Poti ndatchula golide, musaiwale kuti kumufufuza kumafuna laisensi pansi pa Mines and Minerals Act, ndipo pamalo a mbiri yakale otetezedwa ndi boma sipokumba. Ngakhale pabwalo la achibale, pemphani kaye, ndipo kwirirani dzenje lililonse.

Ndiye mugule iti?

Ya 11 ija isungeni, imagwira ntchito pafupifupi paliponse. Ndalama mwasungazo gulirani ya 6, ya mtundu wa DD (mawaya ake a m'kati anapindidwa ngati zilembo D ziwiri), chifukwa imapirira dothi lachitsulo kuposa ya mtundu wa concentric (mawaya ake ndi mikombero, wina m'kati mwa unzake). Idzakuchedwetsani, poti imasesa pang'onopang'ono. Ya 15 idikire mpaka mwini munda wina kunja kwa tauni atakulolani kuyenda m'munda mwake chimanga chitakololedwa.