Madzi analowa m'banka yanga chifukwa cha ngalande ya boma: alipira ndani?

FUNSO

Akonzi, ndili ndi banka pafupi ndi msika kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia, momwe ndimagulitsa ufa, shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Bungwe lina la boma linakumba ngalande patsogolo pa khomo langa ati ayale mapaipi, koma anthu ake anachoka osakwirira. Mvula ya mu Januwale itagwa usiku, madzi a mumsewu anatsata ngalandeyo n'kulowa m'banka, ndipo m'mawa ndinapeza ufa utachita mibulu, shuga atasungunuka mpaka kutulukira pansi pa chitseko. Ndapita ku ofesi yawo kanayi, yankho ndi limodzi lakuti abwana achokapo. Kodi munthu wamba ngati ine angalipiritse boma?

Mayi wodandaula, Ulongwe

YANKHO

Pepani kwambiri mayi. Inde, boma limalipiritsidwa. Ndime 58 ya malamulo oyendetsera dziko la Mozambique a mu 2004 imanena kuti boma lili ndi udindo pa zowonongeka zimene antchito ake abweretsa pochita zosemphana ndi lamulo ali pantchito, ndipo likalipira lingathe kutembenukira wantchito wolakwayo kuti abweze. Choncho chipukuta misozi sichifundo cha abwana amene mukuwasowawo ayi.

Koma ndikuuzeni mosabisa kuti maulendo anu anayi aja, pamaso pa lamulo, ali ngati simunapiteko, chifukwa palibe pepala losonyeza kuti munadandaula. Lembani kalata yodandaula m'Chipwitikizi, poti ndicho chilankhulo cha m'maofesi, mufotokoze tsiku limene anakumba, usiku umene madzi analowa, katundu amene anawonongeka ndi mtengo wake m'meticais. Mupite ndi makope awiri, ndipo musachoke pakauntala wolandira asanadinde chidindo ndi kulemba tsiku pa kope lanu. Kapepala kodindidwa kameneko mukasunge monga mumasungira khadi la kuchipatala la mwana.

Pa umboni ndi pamene amalonda ang'onoang'ono ambiri amagwera. Lamulo la Código Civil, lomwe limayendetsa milandu ya katundu, mapangano ndi chipukuta misozi, limalola kuitanitsa zinthu ziwiri, katundu amene anawonongeka ndiponso phindu limene mukanapeza masiku amene banka inali yotseka. Choyambacho n'chosavuta ngati muli ndi malisiti a koodera ndi zithunzi za pafoni zoonetsa ngalandeyo ili yasa pakhomo. Chachiwiricho chimafuna kope la malonda a tsiku ndi tsiku, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa ife kope lokhalo limene timasunga ndi la angongole. Ngakhale limenelo bwerani nalo, pamodzi ndi nambala yanu ya msonkho ya NUIT ndi malisiti a msonkho wa pamsika, chifukwa zimasonyeza kuti bizinesi inalipodi ndipo inkayenda. Pemphaninso mlembi wa dera lanu kapena a mfumu akulembereni kalata ya zimene anaona. Musakuze chiwerengero, mukalemba matumba 20 pomwe malisiti akunena 12, ngakhale 12 enieniwo ayamba kukayikiridwa.

Mufufuzenso kuti anakumba ndi antchito a bungwelo kapena kampani yolembedwa ganyu, chifukwa awiriwa amakonda kulozana zala, ndipo zimenezi zingasinthe womusumira.

Akapanda kuyankha kapena akakana, pitani ku IPAJ, bungwe la boma lopereka thandizo la zamalamulo kwaulere kwa anthu osatha kulipira loya. Iwo ndiwo adzaona ngati nkhaniyi ipite ku khoti loweruza milandu ya kayendetsedwe ka boma, Tribunal Administrativo, lomwe la chigawo chathu lili mumzinda wa Tete, kapena ku khoti wamba. Mukhozanso kulembera a Provedor de Justiça, ofesi yomva madandaulo a anthu pa maofesi a boma, popanda kulipira, kungoti iwo amalangiza ofesi yolakwayo, alibe mphamvu yoilamula kutulutsa ndalama monga achitira woweruza.

Milandu yotere imayenda pang'onopang'ono, ndipo ndalama ya chapa (minibasi) yopita ku Tete ingadye gawo la zimene mukufuna, n'chifukwa chake kugwirizana ndi anzanu a mabanka oyandikana, ngati nawonso madzi anawalowera, kungakupeputseni. Ndime 498 ya Código Civil imapereka zaka 3 zoitanitsira chipukuta misozi kuchokera pamene munthu wadziwa za ufulu wake, koma njira zina zodandaulira zili ndi nthawi yofupika kwambiri, choncho kalata ija ikafike sabata ino, ngalandeyo asanaikwirire.