Mpira wanu ukuphwa chifukwa m'kati mwake mulibe kanthu

Achimwene a ku Chinamwali, mwafunsa chifukwa chake mpira wa labala womwe mwapanga mu Blender, pulogalamu yopangira zithunzi za 3D, ukumaphwa ukagwa pansi, ndipo mukaulimbitsa ukumanjenjemera mpaka kuphulika. Laputopu yanu ilibe mlandu.

Soft Body, chida cha mu Blender choyerekezera zinthu zofewa, imaona chinthu ngati timfundo tolemera tolumikizidwa ndi masipuling'i. Vertex (kadontho kapakona) iliyonse ndi kamfundo, edge (mzere wolumikiza mavertex awiri) iliyonse ndi sipuling'i, ndipo imatsata lamulo la Hooke: mukaikoka kwambiri, nayo imabweza mwamphamvu. Koma mesh yanu, ukonde wa mavertex ndi maedge umene ukupanga mpirawo, ndi khungu lokha, ngati dengu lovundikira. Palibe choletsa pamwamba kukhudza pansi. Kukweza Bending kumathandizako pang'ono.

Kuphulikako ndi nkhani ya nthawi. Blender imayambira pa mafulemu 24 pa sekondi, ndipo kompyuta imawerengera mayendedwe modumphadumpha. Sipuling'i ikakhala yolimba, kudumphako n'kukhala kwakukulu, kamfundo kamapitirira pomwe kanayenera kuima. Ulendo wotsatira sipuling'i imakabweza ndi mphamvu yoposa yoyamba, kamapitiriranso mbali inayo, basi manambala amangokula. Vutoli ndi lakale ndithu. Akatswiri awiri, Baraff ndi Witkin, analimbana nalo mu 1998 pa zovala, pogwiritsa ntchito implicit integration, njira yowerengera yomwe siphulika ngakhale kudumphako kukule. Inu pitani pa Solver ya Soft Body, kwezani Step Size Min, tsitsani Error Limit. Idzachedwa, koma idzakhazikika.

Ine ndikanakhala inu, Soft Body ndikanaisiya. Ikani Cloth, chida choyerekezera nsalu, n'kuyatsa Pressure, yokankha khungu ngati mpweya wa m'kati, yomwe inabwera mu Blender 2.82 chaka cha 2020. Mpira weniweni umalimba ndi mpweya, ndiye apa mukutsanzira zomwe zimachitikadi.

Chinthu chodzaza m'kati, monga mnofu kapena chidutswa cha labala, chimafuna finite element method. Amachigawa m'timatetrahedron (tizidutswa ta nkhope zinayi) mpaka m'kati, n'kupereka Young's modulus (kulimba kwa chinthucho) ndi Poisson's ratio (momwe chimatupira m'mbali mukachifinya). Poisson's ratio ya labala ili pafupi ndi 0.5, kutanthauza kuti mukamufinya uku amatupa uko, kukula kwake konse osasintha kwenikweni. Masipuling'i okha sadziwa zimenezo. Houdini, pulogalamu ina ya 3D, ili nayo njirayi, koma musathamangireko musanamvetse izi. Anzanu a physics ku Chanco akhoza kukulongosolerani masamu ake.

Pomaliza, yesani kaye ndi mesh ya mavertex ochepa, Subdivision Surface, yomwe imasalaza mesh, ikhale pansi pa Cloth pa mndandanda wa mamodifier. Chepetsani mpirawo ufike pa kukula kwake kwenikweni, kenako dinani Ctrl+A muike Scale, chifukwa mpira wa mamita 2 sugwa ngati wosewerera ana. Zikayenda bwino chitani Bake ndi Disk Cache kuti zowerengedwazo zisungidwe, magetsi akathima musayambirenso.