Kodi sewero la The Crucible limanena zoona pa milandu ya ufiti ya ku Salem?

Sabata yatha ndidalandira kalata ya pa imelo yochokera kwa mphunzitsi wina wa ku sekondale amene akukonzekera kuchita sewero la Arthur Miller lotchedwa The Crucible pamodzi ndi ophunzira ake. Iwo adalemba kuti anawo akufuna kudziwa ngati zimene zili m'seweroli zidachitikadi, makamaka chibwenzi cha John Proctor ndi mtsikana Abigail Williams, komanso ngati opezeka olakwa adawotchedwa pamoto monga ambiri amaganizira. Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanuli. Anthu otchulidwa m'seweroli adalikodi ndipo imfa zawo n'zoona, koma gwero la mavuto limene Miller adapereka n'lopeka, ndipo ine ndimaona kuti limachotsa mlandu pamutu pa eniake.

Nkhaniyi idachitika m'chaka cha 1692 m'mudzi wa Salem Village, umene lero umatchedwa Danvers, m'dera la Massachusetts ku America, limene panthawiyo lidali pansi pa ulamuliro wa England, kumene kunkakhala Akhristu a Puritan ochokera ku England. Kumayambiriro kwa chakacho, ana awiri a m'nyumba ya mbusa Samuel Parris, mwana wake Betty wa zaka 9 ndi mbale wake Abigail Williams wa zaka 11, adayamba kudzigwetsa pansi, kukuwa ndi kudandaula kuti wina wosaoneka akuwatsina. Akuluakulu atawaumiriza kuti atchule amene akuwalodza, anawo adatchula amayi atatu amene adalibe wowayankhulira: Tituba, kapolo wa m'nyumba ya mbusayo, Sarah Good, mayi wosauka wopemphapempha, ndi Sarah Osborne, amene adali wodwaladwala ndipo adali atasiya kupita ku tchalitchi. Pakutha pa miyezi yowerengeka, anthu oposa 150 adali atanenezedwa. Anthu 19 adanyongedwa pakati pa 10 Juni ndi 22 Sepitembala, amayi 14 ndi abambo asanu, ndipo ena osachepera asanu adafera m'ndende. Palibe ngakhale mmodzi amene adawotchedwa, chifukwa malamulo a ku England ankalamula kuti mfiti inyongedwe. Giles Corey, nkhalamba ya zaka pafupifupi 80, adakana kuzengedwa mlandu ndi bwalolo, ndipo adamusanjikiza miyala pachifuwa mpaka adamwalira pa 19 Sepitembala.

Chimene ndikufuna kuti ophunzira anu amvetse bwino ndi mtundu wa umboni umene bwalo lidalandira, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani yonse. Bwanamkubwa William Phips adakhazikitsa bwalo lapadera mu Meyi, motsogozedwa ndi William Stoughton, ndipo bwaloli lidavomereza kuti munthu atha kuweruzidwa chifukwa wina wanena kuti adaona chithunzithunzi chake chikubwera kudzamuzunza, ngakhale mwiniwakeyo adali gone kunyumba kwake kapena ali womangidwa maunyolo m'ndende. Umboni woterewu sungatsutsike, pakuti amene akuuona ndi woneneza yekhayo. Rebecca Nurse, gogo wa zaka 71 amene anansi ake ambiri adasaina kalata yomuikira kumbuyo, poyamba adapezeka wosalakwa, koma oweruza adapempha gulu logamula mlandu kuti liganizirenso, ndipo adanyongedwa pa 19 Julayi. George Burroughs, amene kale adali mbusa wa mudzi womwewo, adanena Pemphero la Ambuye mosaphonya ali pamalo onyongera, chinthu chimene anthu ankakhulupirira kuti mfiti singathe, koma adamunyongabe. Chinanso n'chakuti amene adavomera kuti ndi mfiti ndi kutchula anzawo sadanyongedwe, pamene amene adaumirira kuti ndi osalakwa ndiwo adaphedwa. Pa mfundo imeneyi Miller sadaname ngakhale pang'ono, ndipo m'pamene seweroli lili ndi mphamvu zake zonse.

Za chibwenzi chija, chimene seweroli limati ndicho chidachititsa Abigail kuneneza mkazi wa Proctor chifukwa cha nsanje, palibe cholembedwa chilichonse cha nthawiyo chimene chimachitchula. John Proctor weniweni adali bambo wa zaka pafupifupi 60, mlimi amene adalinso ndi nyumba yogulitsiramo zakumwa, pamene Abigail adali kamwana ka zaka 11. Miller adakweza zaka za Abigail kufika pa 17, adachepetsa za Proctor, ndipo adavomera yekha m'mawu oyamba a seweroli kuti adasintha zina ndi kuphatikiza anthu angapo kukhala mmodzi. Kuvina kwa atsikana m'nkhalango usiku, kumene seweroli limati ndiko kudayambitsa zonse, nakonso kulibe umboni. Thomas Danforth, amene m'seweroli ndiye woweruza wouma mtima, sadali m'gulu la oweruza a bwalo limene lidagamula za imfazo. Zoona n'zakuti Mary Warren adalidi wantchito wa kwa Proctor, kuti Elizabeth, mkazi wa Proctor, adapulumuka chifukwa adali woyembekezera, ndiponso kuti Proctor adanyongedwa pa 19 Ogasiti. Ali m'ndende mu Julayi, iye adalembera kalata abusa a ku Boston kudandaula kuti mwana wake William adamangidwa khosi ndi miyendo pamodzi mpaka magazi adatuluka m'mphuno pofuna kuti avomere mlandu.

Chifukwa chimene Miller adalembera motere chimamveka tikakumbukira nthawi yake. Seweroli lidaonetsedwa koyamba ku New York mu Januwale 1953, pamene komiti ina ya nyumba ya malamulo ya ku America inkaitana olemba ndi ochita zisudzo kuti aulule ngati adakhalapo m'chipani cha Chikomyunizimu ndi kutchula anzawo. Mnzake wapamtima Elia Kazan adatchula mayina mu 1952. Miller mwiniwake adaitanidwa mu 1956, adakana kutchula aliyense, adapezeka wolakwa mu 1957 chifukwa chokanako, ndipo chigamulocho chidafafanizidwa mu 1958. Iye ankafuna ngwazi yamphamvu imene ingakane kusaina bodza, ndipo kuti ngwaziyo, John Proctor, ikhale ndi chikumbumtima choivutitsa, adaipatsa tchimo la chigololo.

Ine seweroli ndimalikonda, komabe kusintha kumeneku kumandipweteka mtima. Woonera amatuluka akukhulupirira kuti anthu 20 adafa chifukwa cha nsanje ya mtsikana wokanidwa, pamene ana aja sadasaine chikalata cha imfa ya munthu aliyense. Amene adasaina adali abambo ophunzira, olemekezeka, odziwa malamulo ndi Malemba, ndipo amene ankapititsa madandaulo ku bwalo adali akuluakulu monga Thomas Putnam, a m'mabanja amene adali ndi mikangano yakale ya minda ndi ya malipiro a mbusa. Ophunzira anu sangavutike kumvetsa zimenezi, chifukwa kuno kwathu timamvanso za ana onena kuti agogo awo akuwaphunzitsa ufiti, ndipo amene amanyamula miyala amakhala akuluakulu, ngakhale lamulo la ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Wolemba amene adaloza chala kwa oweruza adali Nathaniel Hawthorne, mbadwa ya ku Salem komweko, wochokera m'banja la woweruza John Hathorne amene adafunsa mafunso amayi atatu oyambirira aja. M'mawu otsegulira buku lake The Scarlet Letter la mu 1850, iye adati akusenza manyazi m'malo mwa makolo ake, ndipo m'buku la The House of the Seven Gables la mu 1851 adalemba za munthu wonyongedwa pa mlandu wa ufiti kuti wolemera alande malo ake. Temberero la m'bukumo, lakuti Mulungu adzamwetsa wolandayo magazi, likufanana ndi mawu amene mbiri imati Sarah Good adauza mbusa Nicholas Noyes mayiyo atatsala pang'ono kunyongedwa. Tituba naye adapeza womulembera, Maryse Condé wa ku Guadeloupe, amene mu 1986 adatulutsa buku la Chifalansa lofotokoza nkhaniyi m'mawu a kapoloyo, ngakhale mbali yaikulu ya moyo wake m'bukumo ndi yopeka.

Milanduyi idayamba kuzilala pamene mbusa Increase Mather adalemba kuti kuli bwino oganiziridwa ufiti khumi apulumuke kusiyana ndi kupha mmodzi wosalakwa. Phips adathetsa bwalo lija mu Okutobala 1692, ndipo pofika Meyi 1693 milandu idatha. Woweruza Samuel Sewall adaimirira m'tchalitchi mu 1697 pamene mbusa ankawerenga kalata yake yopepesa, Ann Putnam, mmodzi wa atsikana oneneza, adapepesa mu 1706, ndipo boma lidapereka chipepeso kwa mabanja ena mu 1711. Stoughton sadapepese.

Aphunzitsi, ndikupemphani kuti seweroli mulichite monga lidalembedwera, koma tsiku loyamba la kukonzekera muwauze ophunzira zaka zenizeni za Abigail ndi kuwafotokozera za kalata ya Proctor ija. Muwauzenso za Elizabeth Johnson wamng'ono, amene adaweruzidwa kuti aphedwe mu 1693 koma sadanyongedwe, ndipo dzina lake lidaiwalika pamene ena onse ankayeretsedwa. Ana a sukulu ina ya ku North Andover, pamodzi ndi mphunzitsi wawo, adafufuza mlandu wake ndi kuukankhira ku nyumba ya malamulo ya Massachusetts, ndipo mu 2022 dzina lake lidayeretsedwa, patatha zaka 329.