Nyumba ya zidina koma ikuzizira ngati filiji, vuto lili pati?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Akuti anamanga nyumba ya zidina zosaotcha n'kufolera malata, koma Juni ndi Julayi ana amagona ndi majuzi, Okutobala akafika masana m'nyumbamo simukhalika. Akufunsa ngati pulasitala wa simenti angathandize.

Mayi, simentiyo musagule kaye. Khoma lanulo lilibe mlandu, wolakwa ndi denga. Dothi ntchito yake ndi kusunga, masana limamwa kutentha pang'onopang'ono usiku n'kumakutulutsa, koma lata ndi lopyapyala, dzuwa likangowomba kutentha kwalowa kale, ndiye usiku kaja makoma anasunga kaja kamathawiranso kumwamba komweko. Nyumba za agogo zaudzu zija zinali bwino chifukwa udzu umatsekera mpweya pakati pake, ndipo mpweya wosayendayenda ndi umene umatchinga kutentha ndi kuzizira komwe.

Ndiye ikani siling'i. Sikuti mpaka mabodi a ku hadiweya ayi, bango kapena nsungwi zong'amba zikwanira, mukhomere pa mitanda yolimba, pamwamba pake muyale udzu wouma kapena mankhusu a mpunga oviika m'dothi lamadzimadzi ngati phala la mwana, kungoti zigwirane basi osati kuumba njerwa kumwambako, zingakugwereni. Dothilo limathandizanso kuti zisagwire moto msanga. Zikhuthale masentimita 10 kapena kuposa, ndipo pangani nthawi yadzuwa kuti ziume bwinobwino, apo ayi mudzanditukwana ndi fungo la nkhungu. Pakati pa siling'i ndi malata pakhale mpata, ndi timabowo mbali zonse ziwiri totchinga ndi waya wa sefa kuti mpweya wotentha uzituluka koma makoswe ndi mileme zisalowe. Chiswe muzichiyang'ana chaka chilichonse, icho sichipuma.

Za simenti zija, iyo ndi dothi sizimvana. Imatsekera chinyezi mkati, khoma n'kufewa, pulasitala n'kumasupuka zigambazigamba. Matani ndi dothi lomwelo losakaniza mchenga ndi udzu woduladula, mupake laimu, khonde litalike kuti mvula isamenye khoma.

Komanso chonde, siling'i ikatheka ndipo mwatseka mipata ya zitseko ndi mawindo, mbaula ya makala isagone m'chipinda olo kuzizire bwanji. Mpweya wake sununkha, suwawa m'maso, anthu amangogona osadzukanso. Otherani pakhonde kapena pakhomo potsegula, nthawi yogona mbaula panja.