Za chomera cha maluwa oyera chija cha pamiyala ku Chambe, paphiri la Mulanje

Achimwene mwaponya chithunzi kufunsa kuti ndi kamtengo kanji ka thunthu lakuda, maluwa oyera mbee, komanso ngati mungakazule mukadzale mu poti kwanu ku Luchenza. Chimenecho ndi cheyo, asayansi amati Xerophyta splendens, m'mabuku akale mupeza Vellozia splendens. Zitsanzo zake anatola paphiripa ndi katswiri wa zomera Alexander Whyte mu 1891, yemwe uja dzina lake anapatsa mkungudza wathu Widdringtonia whytei.

Koma zozulazo ayi ndithu musayerekeze, mungovutika nacho chabe. Thunthu mukuliwonalo si thabwa ngati la mitengo ina, ndi zotsalira za masamba akale zomwe zimangosanjikizana chaka ndi chaka, ndiye mkati mwakemo mumadutsa mizu yopyapyala kuchokera kumtunda kutsika mpaka kukalowa m'ming'alu ya mwala. Chiperoni chikabwera kapena nkhungu ija imakuta phiri masana, thunthulo limamwa madzi ngati siponji, mizu nkumamwera momwemo. Nchifukwa chake chimakhala bwinobwino pathanthwe poti dothi lake ndi lodzaza chikhatho basi, pomwe mtengo wina uliwonse ungafe sabata yomweyo. Mukachiika mu dothi lakudimba nkumathirira m'mawa ndi madzulo chimangowola.

Nthawi ya chilimwe masamba amauma gwaa mpaka mutha kulumbira kuti chafa, anthu ambiri amapusitsika pamenepa, koma mvula ingogwa masiku ochepa masamba omwewo abiriwiranso. Maluwa amabwera mvula ikamayamba ndipo sachedwa kufota, ndiye inu munachita mwayi kuwapeza. Ulendo wina mudzayang'anitsitse pathunthupo, pamamera timaluwa tina ting'onoting'ono ta mtundu wa orchid tomwe timakhala pomwepo osafika pansi.

Chimene chimandiwawa ine ndi kudula. Agogo athu ankasasantha nsonga ya thunthu kupanga burashi yopakira laimu kapena yokwechera miphika, palibe vuto akamadula chimodzichimodzi, koma chomerachi chimakula pang'onopang'ono kwambiri moti chofika m'chiuno chingakhale chachikulu kuposa inu zaka. Wina kubwera ndi chikwanje kusesa thanthwe lonse, kuwonjezera moto wa osaka nyama chaka chilichonse, malo aja amakhala mbuu nthawi yaitali.

Musaiwalenso kuti phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, a forestry akakupezani pa Likhubula mutanyamula chozula ndi mlandu umenewo. Ngati mukufuna maluwa a pakhonde kagulani ku nazale, cheyo kachionereni komweko mvula yoyamba ikagwa, njira ya ku Chambe ndi ya ku Lichenya zonse mukumana nacho.