Kodi Pulezidenti angasinthe malamulo kuti alamulire kachitatu?

Mmodzi mwa inu wandilembera kufunsa ngati Pulezidenti angasinthe malamulo oyendetsera dziko kuti akhalebe pampando. Inde achimwene, angathe, bola akhale ndi aphungu okwanira, ndipo zimenezi ziyenera kutidetsa nkhawa tonse.

Ndime 83 imati munthu alamulire zaka zisanu, kawiri kokha motsatizana. Koma ndimeyi siili m'gulu la zija zimene ndime 196 imati zisasinthidwe popanda riferendamu. Imagwera pa ndime 197, pomwe pamangofunika aphungu awiri mwa atatu alionse. Lero aphungu alipo 229, ndiye 153 akangovomera, zatheka. Mu July 2002, nthawi ya a Bakili Muluzi, bilu yochotsa malirewa inapeza mavoti 125 pomwe pamafunika 128. Atatu okha! Mipingo ndi mabungwe anachita kukuwa usana ndi usiku kuti bilu ija igwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zingwe zina tinadula kale. Ndime 64, yopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo, inachotsedwa mu 1995. Seneti, yomwe ikanakhala nyumba yachiwiri ya malamulo, inafafanizidwa mu 2001 isanakhalepo n'kamodzi komwe. Ndime 65, yoti phungu wosintha chipani ataye mpando, ilipo, koma kangati mwaona phungu woyendayenda zipani atataya mpando? Nduna amasankha Pulezidenti, zambiri kuchokera mwa aphungu omwewo, tsono phungu amene akuyembekezera unduna adzakana bwanji bilu ya bwana wake? Apa ndiye pagona nkhani, osati pa zaka zokha.

Makhoti ndi amene akhala akutigwirira. Mu 2009 anatsekera a Muluzi njira yoimanso. Pa 3 February 2020 anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, n'kunena kuti wopambana apeze mavoti opitirira theka. Koma oweruza amadikira kuti wina akasume kaye, sangalondere Nyumba ya Malamulo tsiku ndi tsiku.

Ndiye titani? Ndime 83 ilowe m'gulu lofuna riferendamu, ndime 64 ibwerere, ndipo chiwerengero cha nduna chilembedwe m'malamulo. Bungwe la Law Commission linaunika kale malamulowa n'kutulutsa lipoti mu 2007, zambiri zake zidakali pa shelefu. Phungu wanu akabwera kumsonkhano, mufunseni pamaso pa mafumu ngati adzavotere zinthu zitatuzi.