Timadontho takuda m'mbale ya madzi ya njoka

Mayi wina wa ku Leeds, ku Britain, wandilembera. Mwana wawo amaweta ball python, kansato kakang'ono kaja ka ku West Africa. Masiku ano kakungokhalira m'mbale ya madzi, ndipo pansi pa mbaleyo pakumatsala timadontho takuda. Akasambitsa kangapo koma sizikutha. Akufunsa ngati angapopere mankhwala a udzudzu, ngati Doom wa kwathu uja.

Mayi, zopoperazo ayi, chonde. Timadonthoto tikuoneka kuti ndi nthata za njoka, ndipo mupha njoka nthatazo zisanathe.

Kalata yanu yandiutsira mkwiyo wakale. Nditangofika ku Johannesburg ndinapeza ganyu m'sitolo yogulitsa ziweto, ntchito yanga inali yokolopa ndi kutsuka makola. Tsiku lina bwana anabwera ndi njoka za mtundu wa boa zomwe anagula motchipa kuchionetsero, n'kuziika pashelefu imodzi ndi zinzake tsiku lomwelo. Mnzanga wachikulire wa ku Zimbabwe anamuuza kuti ziyambe zakhala pazokha. Bwana anati malo palibe. Mwezi usanathe shelefu yonse inali itagwidwa. Ukagwira njoka, timagazi tofiira tinkatsala m'manja. Boa imodzi inasiya kudya, inafundula mwazigambazigamba, kenako inafa. Mlandu unagwera ndani? Ife otsuka makola, ati sitikutsuka bwino.

Ndiye ndinene mosabisa: nthata za njoka sizimera chifukwa cha uve. Zimachita kubwera, pa njoka yatsopano, pa chikuni chochokera m'khola lina, kapena pa malaya a munthu amene wagwira njoka ya mnzake. Wogulitsa amene amakupatsa njoka ya nthata n'kukhala chete ndi wakuba basi. Kale ndinkati mwina sanaone. Pano sindiwakhululukiranso, chifukwa aliyense wodziwa njoka amayang'ana m'mbali mwa maso ndi m'kamzere ka pansi pa chibwano, ndipo sizitenga mphindi.

Chimene chimandipwetekanso n'chakuti ife Amalawi oweta njoka tilibe kofunsa. Ukangotchula pagulu la WhatsApp la abale, funso loyamba ndi lakuti, "Mwakhwima liti?" Azakhali anga mpaka lero salowa m'chipinda changa. Sindiwanena, munthu wokulira kumene mbobo ndi mphiri zimapha anthu sangaone njoka ngati chiweto. Koma mapeto ake munthu amavutika yekha, n'kumayesa mafuta ophikira, parafini ndi zina zimene wawerenga usiku pa Facebook. Mafuta amawononga mamba, parafini amawotcha khungu.

Dzina la kachilomboka ndi Ophionyssus natricis. Kamayamwa magazi, kakakhuta kamatsika pa njoka n'kukaikira mazira m'ming'alu ya khola, pamdima pachinyezi. Khalidwe lake ndi la nsikidzi: kusamba sikuthandiza ngati bedi silinakhudzidwe. Pakatentha, kuchokera pa dzira kufika pa nthata yoikira mazira pamangotenga pafupifupi milungu iwiri, ndipo yaikulu imatha kukhala masiku 40. N'chifukwa chake mukusambitsa lero, mlungu wamawa zabwerera. Njokayo ikubisala m'madzi pofuna kumiza nthatazo, ikumva kuyabwa. Zikachuluka zimaithera magazi, zimafalitsa bakiteriya wa Aeromonas, ndipo zimaganiziridwa kuti zimanyamula matenda a kavairasi otchedwa IBD omwe amapha boa ndi nsato. Nanunso zikhoza kukulumani, koma sizikhazikika pa munthu.

Zoti muchite

Yambani mwatsimikiza. Pukutani njokayo ndi pepala loyera lonyowa. Ngati muona takuda kapena tofiira toyenda, tophulika magazi mukatifinya, ndi zomwezo. Toyera tothamanga m'utuchi nthawi zambiri timadya zowola, tilibe vuto.

Tayani utuchi wonse, muumange m'pulasitiki n'kukautaya kunja. Zikuni ndi makungwa tayaninso. Khola, mbale ndi pobisalira tsukani ndi madzi otentha kupyola madigiri 50, makamaka m'makona ndi m'njanji ya galasi. Yalani mapepala oyera okhaokha, muziwasintha tsiku ndi tsiku. Njoka muziiviika m'madzi ofunda pang'ono, osaya, kwa theka la ola mukuiyang'anira.

Mankhwala akakuuzeni ndi dokotala wa ziweto wodziwa zokwawa, ku Britain alipo. Ena amapereka fipronil, ena afoxolaner, mlingo wake potengera kulemera kwa njoka. A permethrin ndi opopera khola lopanda njoka ndi mbale, liume kaye, ndipo mphaka asayandikire chifukwa amamupha. Ivermectin amapha kamba, ngati mulinso naye. Pitirizani milungu isanu ndi umodzi ngakhale mutasiya kuziona.

Ndipo mwanayo akadzalira kuti akufuna njoka yachiwiri, poti adzalira ndithu, ikakhale chipinda china, pa mapepala, miyezi itatu.